Foni yandipindulira, yandidanitsanso: kodi ndichoke pa WhatsApp ndi Facebook?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi msika wa Lizulu ku Ntcheu. Ndimapikula mbatata ya kachewere ndi kabichi kwa alimi n'kumatumiza ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Bambo a kunyumba ali ku Joni, ndipo chaka chatha ananditumizira foni yapamwamba kuti tizilankhulana pa WhatsApp. Sindikana, pa geni yandithandiza. Koma yabweretsanso zina. Mlamu wanga anaberedwa K180,000 ndi munthu wa pa Facebook amene anamulonjeza ntchito kunja. Pa gulupu ya kumudzi kwathu anthu anatukwanizana pa nkhani ya chipepeso cha maliro, mpaka lero ena sakupatsana moni. Bambo akaona kuti ndili pa intaneti usiku amandifunsa kuti ndikucheza ndi ndani. Tsono mwana wanga wamkazi wa zaka 16, ali Fomu 3, akulirira foni yakeyake, akuti anzake amatumizirana manotsi. Mkulu wina wa kumpingo akuti zonsezi n'za Satana, tingozisiya. Kodi ndichoke? Nanga mwanayu ndimugulire?" Nangozo, Lizulu.

A Nangozo, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Palibe chimene mwalemba chosonyeza kuti pakhomo panu pavuta kuposa pa makomo ena. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa magulu a banki mkhonde, makalabu a alimi ndi makomiti a makolo m'sukulu za ku Dedza ndi ku Ntcheu za kagwiritsidwe ntchito ka foni, ndipo madandaulo a ndalama, magulupu, banja ndi ana ndi amene amatuluka pafupifupi paliponse ndikhale pansi ndi anthu. Yankho langa n'lakuti musachoke. Za mwana ndinena kumapeto, chifukwa ndiyo nkhani yaikulu m'kalata yanu ngakhale mwaiika komalizira.

M'foni mwanumo muli zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zimadya bandulo imodzi. China ndi kulankhulana ndi anthu amene mukuwadziwa: bambo ku Joni, kasitomala wa ku Limbe, dalaivala wa lole, amayi anzanu a kumpingo. Apa wosankha ndinu. Mawu awo mumawadziwa, kwawo mumakudziwa, akakulakwirani muli ndi kokadandaula. Chinacho ndi pamene mwatsegula Facebook kapena TikTok n'kumangokankha chala, kapena mwaponyedwa m'gulupu ya anthu mazanamazana amene ambiri simunawaonepo. Apa zoti muone amakusankhirani ena. Ine zimene ndaona n'zakuti phindu lochuluka limachokera ku choyambacho, misozi yochuluka ku chachiwirichi. Geni yanu yakula chifukwa cha anthu odziwana nawo. Mlamu wanu waberedwa ndi munthu amene sanamuonepo nkhope.

Chifukwa chake si chamatsenga. Facebook anaiyambitsa Mark Zuckerberg mu 2004, ndipo kampani yake, imene kuyambira 2021 imatchedwa Meta, ndi yomwenso ili ndi Instagram ndi WhatsApp. WhatsApp inaigula mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. TikTok ndi ya kampani ya ByteDance ya ku China. Inu simulipira kalikonse kwa makampani amenewa, ndalama ya bandulo imapita ku Airtel kapena ku TNM. Nanga iwo amadyera pati? Pa otsatsa malonda. Mukakhalitsa pa tsambalo mumaona malonda ambiri, iwo n'kukolola zambiri. Ndiye anaika makompyuta owerengera chilichonse: vidiyo imene mwaimapo, imene mwaibwereza, imene mwaidumpha. Mawa amakupatsani zofanana ndi zimene munaimapo dzulo. Ndipo munthu amaima pa chiyani? Pa ndewu, pa zoopsa, pa zolaula, pa mkazi wa mwini amene wagwidwa. Vidiyo ya kasungidwe ka mbewu ya mbatata ilipo ndithu, koma siithamanga ngati ya ndewu. Mukapeza kuti munati muone kamodzi kokha koma ndiwo zapserera, musadziyese wofooka. Anachipanga dala kuti chikhale chovuta kuchisiya.

Akulu a mpingo aja sindikuwanyoza. Aona mabanja akutha, aona ana akulephera mayeso, akufuna kukutetezani. Kungoti ndikukayika ngati mpingo womwewo sulengeza maliro, zopereka ndi maulendo a kwaya pa WhatsApp. Ndipo kuuza mayi wa geni kuti ataye foni n'kumubwezera ku masiku okweza matumba osadziwa mtengo.

Masiku amenewo mukuwakumbuka. Munthu ankakweza matumba pa Lizulu, kugona pamwamba pa lole usiku wonse ndi chisanu, kufika ku Blantyre n'kupeza mbatata yasefukira pamsika, mtengo wagwa, kubwerera nayo n'kosatheka, kabichi wayamba kale kufota. Lero mumafunsa mtengo muli pakhonde. Mlimi wa ku Tsangano amakutumizirani chithunzi cha mbatata asanakumbe munda wonse, inu n'kuona kukula kwake musanawononge ndalama ya kabaza. Mumajambula matumba ndi nambala ya lole n'kutumiza kwa wolandira katundu, ndipo thumba likasowa panjira pali umboni. Chimene ine ndimachiyamikira kwambiri ndi uthenga wa mawu. Amayi ambiri amene sukulu anailekera panjira ankaopa foni chifukwa cha kulemba, koma tsopano amangodina n'kulankhula, ndipo mawuwo amatsala. Kasitomala akadzati sitinagwirizane mtengo umenewo, mumamuyatsira mawu ake omwe. Ndiye langizo langa pa geni n'lakuti muwonjezere, musachepetse: m'mawa uliwonse ikani pa sitetasi katundu amene muli naye ndi mtengo wake, ndipo pangano lililonse la ngongole lizikhala ndi uthenga wake. Chimodzi chokha musamale. Chithunzi chosonyeza kuti ndalama yatumizidwa si ndalama. Zithunzi zoterezi anthu amazipanga. Musanamasule katundu, onani nokha ndalama yotsala mu Airtel Money kapena Mpamba wanu.

Zabwino zina mukuzidziwa, sindikhalitsapo. Uthenga wa maliro umene kale unkadikira mnyamata wa njinga kapena chilengezo cha pa wayilesi ya MBC lero umafika ku Johannesburg thupi lisanachoke kuchipatala. Nthambi yoona za nyengo imaika ulosi wa mvula pa Facebook. Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta ndipo zipatala zikusowa mpweya wothandiza odwala kupuma, mlembi wa mabuku Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook, ndipo Amalawi a kuno ndi akunja anasonkha ndalama zogulira masilinda a mpweya ndi zipangizo zina. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu ambiri anapeza abale awo ndi thandizo kudzera m'masamba omwewa.

Koma werengerani mtengo wake monga mmene mumawerengera thiransipoti. Kwa mwezi umodzi lembani ndalama iliyonse ya bandulo ndi yochajitsa. Amayi ambiri akachita zimenezi amagwira pakamwa. Chimene chimamwa bandulo si mauthenga a geni ayi, ndi mavidiyo, makamaka amene amadzitsitsa okha kuchokera m'magulupu. Pemphani wodziwa akutsekereni zodzitsitsa zokhazo mu WhatsApp, kuti vidiyo izitseguka pokhapokha inu mwaidina. Komanso inu a m'malire, kumene ambiri amasunga simu ya Movitel ya ku Mozambique pambali chifukwa cha netiweki, onetsetsani kuti WhatsApp yanu ili pa nambala imene inalembetsedwa m'dzina lanu ndipo mumaigwiritsa ntchito. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina, ndipo makasitomala anu angayambe kulankhula ndi mlendo akuyesa ndinu.

Za mlamu wanu. Chonde musamuseke, ndipo muletse ena kumuseka. Akuba amenewa ndi akatswiri, ntchito yawo tsiku lonse ndi yomweyi, ndipo aberapo aphunzitsi, anamwino ndi abusa. Kaberedwe kake kamafanana. Amalonjeza chinthu chachikulu, ntchito kunja, ngongole yopanda chikole, dzina pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo kapena wa feteleza wotsika mtengo. Kenako amapempha kandalama kochepa ka fomu. Mukapereka, pamabwera ka chipatala, ka viza, ka bwana wa ku ofesi. Munthu amapitiriza kupereka chifukwa akuopa kuti akasiya, zimene wapereka kale zipita pachabe. Ndipo nthawi zonse pamakhala changu ndi chinsinsi: malo atsala awiri, tumizani lero, musauze anthu angakuchitireni nsanje. Mukangomva changu ndi chinsinsi pamodzi pa nkhani ya ndalama, imani pomwepo. Ofesi ya boma kapena kampani yeniyeni siuza munthu kuti atumize ndalama ku nambala ya foni ya munthu wamba.

Ndinenenso kuti mlamu wanu wataya ndalama yokha, ena anataya zoposa. Mu 2024 wayilesi ya BBC inafalitsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopeka ndi malonjezo a ntchito, ena kudzera pa Facebook, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu ku Oman, mapasipoti atalandidwa. Chimene chinathandiza kuwapulumutsa ndi gulupu ya WhatsApp imene anayambitsa mayi wina wa kuno kwathu wokhala ku America, ndipo amayi oposa 50 anabwerera kumudzi. Aliyense amene walonjezedwa ntchito kunja akafunse kaye ku ofesi ya zantchito pa boma asanapereke ndalama kapena pasipoti.

Pakadali pano mlamuyo asafufute kalikonse. Asunge mauthenga, nambala imene anatumizako ndalama ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama inapita, apite nazo ku polisi ndi ku shopu ya kampani ya foni. Kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, koma akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena ndipo ndalama amaitapa msanga, ndiye sindimulonjeza kuti ibwerera. Kudandaula kumathandiza kuti nambalayo itsekedwe isabere wina. Achenjerenso ndi amene angamuimbire kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani, ali ndi njira yobwezera ndalamayo akangolipira pang'ono. Kawirikawiri amakhala akuba omwe aja abweranso.

Inuyo chitani ziwiri lero lomwe. Mu WhatsApp, pa Settings, pa Account, pali malo olembedwa Two-step verification. Ikanipo nambala yachinsinsi imene mukuidziwa nokha. Ndipo mukalandira uthenga wa manambala 6 kuchokera ku WhatsApp, wina n'kukupemphani kuti mumuwerengere, kaya akuti ndi adimini wa gulupu ya mapemphero, kaya akuti anatumiza molakwitsa, musapereke. Manambala amenewo ndi amene amalandira nawo WhatsApp yanu, kenako amayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Wachibale aliyense akapempha ndalama pa uthenga wolemba, muimbireni mumve mawu ake, mumufunse chinthu chimene wakuba sangachidziwe.

Gulupu ya kumudzi ija yandimvetsa chisoni koma sinandidabwitse. Pa maliro enieni pali dongosolo. Amalankhula mwinimbumba, amalankhula nyakwawa, amalankhula amfumu, ndipo mnyamata amene wamwa amamukokera kuseri asanachititse manyazi banja. Nkhani ya chipepeso amaikambira pambali anthu owerengeka. Pa gulupu zonsezi palibe. Mdzukulu amene ali ku Joni, pakati pa usiku, mtima uli m'mwamba, amalemba mawu amene sakanawatchula pamaso pa amalume ake, ndipo mudzi wonse umawerenga. Mawu olemba alibe nkhope, funso wamba loti ndalama zija zinayenda bwanji limamveka ngati akuti mwaba. Choipitsitsa, mawu a pakamwa amaiwalika, koma olemba munthu amabwerera kukawawerenganso n'kupsanso mtima. Amene sakupatsana moniwo sangayanjanitsidwe pa gulupu yomweyo. Akulu a banja awaitane akhale pansi, amene ali kutali aimbiridwe foni pa bwalo lomwelo. M'tsogolo muno gwirizanani kuti maliro akagwa, adimini atseke gulupu kuti azilemba ndi anthu awiri kapena atatu osankhidwa, msungichuma mmodzi aziika mndandanda wa zopereka ndi mmene zagwirira ntchito, ndipo wodandaula aziimba foni kwa mkulu wa banja. Magulupu amene amachita chonchi ndawaona akukhalitsa.

Pali khalidwe lina limene ndimadana nalo, ndipo poti muli m'mbali mwa msewu wa M1 ndilitchule. Ngozi ikachitika, anthu amathamangira kujambula mitembo n'kuika pa sitetasi. Mayi amadziwa za imfa ya mwana wake poona malaya ake pa foni ya mnzake. Zikakupezani zithunzi zoterezi, zithere pa inu.

Mphekesera nazo n'chimodzimodzi. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera. Mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene mabodza okhudza katemera anali ponseponse m'mafoni. Mphekesera zinaliko foni zisanabwere, koma kale zinkayenda ndi miyendo ndipo wozinena ankadziwika. Eni WhatsApp anaona vutoli, n'chifukwa chake kuyambira 2019 uthenga umene walandira kwa ena sungautumize kwa anthu kapena magulupu oposa 5 nthawi imodzi, ndipo umene wayenda kwambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba. Timivi timeneto tikutanthauza kuti uthengawo wadutsa mwa anthu ambiri, ndipo amene wakutumizirani mwina sakudziwa kumene unachokera. Masiku ano kuli makompyuta opanga mawu ndi nkhope ya munthu wodziwika kuti azioneka akunena zimene sananene, ndiye ngakhale vidiyo si umboni. Nkhani ya mankhwala funsani kuchipatala, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kunyoza, kuopseza ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kunena kuti ndinangotumiza zimene ndinalandira sikungakutetezeni kwenikweni.

Tsopano za bambo. Iyi si nkhani ya foni kwenikweni, ndi nkhani ya mtunda. Munthu amene ali kutali, akugona m'kachipinda ndi anzake, akumva nkhani za mabanja a ena amene atha, amagwira chilichonse chimene angachione, ndipo chimene akuchiona ndi kachizindikiro kosonyeza kuti muli pa intaneti. Kachizindikiroko kamangotanthauza kuti WhatsApp ndi yotsegula, sikanena kuti mukulankhula ndi ndani. N'zotheka kukabisa, koma sindikulangizani kutero mwakachetechete, chifukwa kwa munthu wokayika kale, kubisako kudzakhala umboni. Auzeni zoona zake za geni yanu: malole amanyamuka madzulo n'kufika m'bandakucha, ndiye usiku ndi pamene madalaivala ndi olandira katundu amalemba. Pangani nthawi yokhazikika yoimbirana pa vidiyo, ana azikhalapo, aziona pakhomo, aziona matumba. Amuna ambiri mtima umatsika akamadziwa kuti nthawi yakuti ndi yawo. Ndipo funso lomwelo inunso muli ndi ufulu wowafunsa, mwaulemu. Koma zikafika poti akukutukwanani, akukuopsezani, asiya kutumiza thandizo la ana ngati chilango, kapena akufuna nambala yachinsinsi ya ndalama za geni yanu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri msanga, nkhani isanakule.

Pali china chimene amayi amachita manyazi kufunsa, ndiye ndingoyankhiratu. Amuna a kutali ena amapempha zithunzi za m'chipinda. Musatumize, ngakhale kwa mwamuna wanu wa ukwati woyera. Iye akhoza kukhala wokhulupirika, koma foni imabedwa, imapita kwa okonza, imabwerekedwa kwa mnzake, ndipo mabanja ena amatha moipa. Chithunzi chikatuluka palibe amene angachibweze.

Tifike kwa mwana. Maganizo anga ndi awa: foni yapamwamba yakeyake, yogona nayo kuchipinda, ayi, kufikira atalemba MSCE. Koma kumuletseratu osamufotokozera, ayinso, ndipo ayi wachiwiriyu ndi wamkulu kuposa woyambayo. Mtsikana wa zaka 16 amene akufunitsitsa foni, makolo n'kumukaniza mwaukali, foniyo amaipezabe. Amamugulira ndi mwamuna, ndipo amaibisa m'chikwama cha mnzake kapena kudenga. Pamenepo mwataya ziwiri: simukudziwa zimene akuona, ndipo ali ndi ngongole kwa munthu amene adzafuna malipiro. Atsikana ambiri amene nkhani zawo zafika kwa ife m'makomiti a makolo sanali amene makolo anawapatsa foni, anali amene anali ndi foni yobisa.

Za manotsi sakunama. Makalasi ambiri ali ndi magulupu, aphunzitsi amatumiza mafunso a mayeso akale, ndipo pa YouTube pali maphunziro a masamu ndi sayansi amene angathandize mwana wa pa sukulu yoyendera yopanda labu. Ndiye chitani chonchi. Nambala imene ilowe m'gulupu ya kalasi ikhale yanu. Madzulo, ntchito zikatha, mupatseni foni kwa ola limodzi kapena awiri, akhale nayo pabalaza kapena pakhonde pamene anthu akudutsa, akopere manotsi m'kope. Ikakwana nthawi yogona foni ibwerere kwa inu. Ngati amayenda mtunda wautali kupita kusukulu ndipo mukufuna kumamupeza, kafoni ka mabatani n'kokwanira, malinga malamulo a sukulu yake akulola. Muuzeni poyera tsiku limene adzakhale ndi yake, kuti adziwe kuti mukumudikiritsa, simukumumana. Mumuchenjezenso za ogulitsa mayeso. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira m'mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu Januwale 2021. Chaka chilichonse kumatuluka anthu onena kuti ali ndi mapepala a MANEB, ambiri ndi akuba chabe, ndipo mwana wogwidwa nazo amataya zaka zinayi za sukulu.

Chifukwa chimene ndikuumirira za usiku ndi tulo. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo foni ya pansi pa bulangete imadya maola amenewo mosaonekera. Aphunzitsi amangoona mwana akuwodzera m'kalasi, inu n'kumaganiza kuti ndi malungo. Palinso kudziyerekeza. Mtsikana amene amathandiza mayi ake kusankha mbatata akamaona tsiku lonse anzake a m'tauni atavala zodula, nkhope zitasalazidwa ndi makina a m'foni, amayamba kudziona wosakwanira, ndipo mtsikana wodziona wosakwanira savuta kumunyengerera. Si ife tokha tikuda nkhawa. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa kuti Instagram imawonjezera mavuto a maganizo kwa atsikana ena. Makampaniwa amati mwana ayambe ali ndi zaka 13, koma dziko la Australia mu 2024 linakhazikitsa lamulo lokweza msinkhuwo kufika pa zaka 16. Mwana wanu ali pa malire penipeni, n'chifukwa chake ndikuti alowe pang'onopang'ono inu muli pambali.

Mukhale naye pansi, inu kapena azakhali ake ngati inu zikukuvutani kutchula, mumuuze mmene amuna oipa amayambira. Sayamba ndi zolaula. Amayamba ndi moni, kuyamikira, kumvetsera madandaulo ake, kenako mayunitsi, kenako kandalama ka pa Mpamba. Chithunzi choyamba chimene amapempha n'cha nkhope. Chachiwiri n'china. Akachipeza amasintha mawu: ukakana kukumana nane, kapena ukapanda kutumiza ndalama, ndichiika pa gulupu ya sukulu. Ana ambiri amafika pamenepa n'kukhala chete chifukwa akuopa chikwapu cha kunyumba kuposa munthuyo. Ndiye mulonjezeni, ndipo mudzasunge lonjezolo, kuti chilichonse chikadzachitika pa foni akabwera kudzakuuzani, mudzayamba mwamuthandiza, zokalipa zidzabwera pambuyo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho wamkulu wopempha zithunzi zoterezi kwa iye akupalamula mlandu waukulu. Ngati mwa ana enawo muli anyamata, musawaiwale. Iwo chimene chikuwamaliza ndi juga ya pa foni, kandege kaja, ndipo imayamba ndi ndalama yosintha imene mwawatuma nayo kumsika.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo. Mwana akayamba kukhala ndi ndalama, zovala kapena mayunitsi osadziwika kochokera, akamadzidzimuka foni ikalira, akasiya kudya kapena kucheza ndi anzake, akayamba kukana sukulu, funsani modekha tsiku lomwelo ndipo mukaonane ndi aphunzitsi ake kapena amayi a m'komiti ya pa sukulupo. Akatchula zoti moyo watopa nawo, ngakhale mokhala ngati nthabwala, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza mukapemphe kuonana ndi woona za matenda a maganizo. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi yothandiza ana, ndipo mwana akhoza kuimba yekha ngati akuchita manyazi kulankhula ndi inu. Wina akamamuopseza ndi zithunzi, musalipire ndipo musakambirane naye, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Pitani ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, komwenso inuyo mungapite ngati za bambo zitafika poopsezana ndipo ankhoswe alephera. Popita kumeneko nyamulani foniyo mauthenga onse ali momwemo, ngakhale ochititsa manyazi, ndipo munthuyo mudzamubuloke apolisi ataona kale ndi kulemba nambala yake.